Damu lathu lopatutsa madzi lang'aluka ndipo inteki (polowera madzi mu ngalande) yadzadza mchenga, tiyambire pati?

Funso: Ndine mlembi wa komiti ya sikimu yathu ya mthirira. Tili ndi damu la konkire lomwe limapatutsa madzi mumtsinje kupita mu ngalande, kutalika kwake kudutsa mtsinje ndi mamita 20, msinkhu wake mita imodzi ndi theka. Pamwamba lang'aluka, kumtunda kwadzadza mchenga moti madzi akulowa ochepa mu ngalande, komanso kumunsi kwa khoma kwakumbika dziwe lakuya. Anzanga akuti timate ming'aluyo ndi simenti kenako tikweze khoma ndi theka la mita kuti madzi azilowa ambiri. Ndalama tili nazo ndi zochepa. Tiyambire pati?

Yankho: Zikomo bambo mlembi, ndipo mwachita bwino kufunsa musanagule olo thumba limodzi la simenti. Pa zonse mwatchulazi chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi dziwe lakumbika kumunsilo. Mwalitchula komalizira ngati nkhani yongodutsa, koma ndi lomwe lingagwetse damu lanu mvula ikubwerayi, nde tiyambire pompo, za mng'alu ndi mchenga tizifika.

Damu ngati lanuli silisunga madzi, limangowakweza pang'ono kuti afike pakhomo la ngalande, otsalawo amadumpha khoma nkumapita. Madzi odumphawo akamagwa amakhala ndi mphamvu zambiri makamaka mtsinje ukadzadza, ndipo amakumba pomwe agwerapo. Chaka chino akumba pang'ono, chaka chamawa aonjezera, dzenjelo limabwerera chammbuyo kulowera ku khoma mpaka lilowe pansi pa apuloni, konkire ija anayala pansi kuti madzi azigwerapo. Inu mukayang'ana pamwamba mumaona zonse zili bwinobwino koma pansi pake ndi mphako. Tsiku lina apuloni imathyoka, khoma limatsala lopanda chotsamira nkupendekera kumunsi. Ming'alu ya pamwambayo nthawi zambiri imabwera chifukwa mbali ina ya khoma yatitimira, ndiye mukaimata lero maziko asanakonzedwe idzang'alukanso pomwepo, simenti wanu wapita pachabe.

Nde choyamba kayendereni damulo bwinobwino nthawi yomwe madzi achepa, mupite anthu atatu kapena anayi, wina azilemba wina azijambula pa foni. Mutenge mtengo wautali wowongoka, hamala, chingwe ndi penti. Ndi mtengowo yezani kuya kwa dziwelo malo angapo, kenako ulowetseni chogona pansi pa mlomo wa apuloni muone ulowa kufika pati. Ukalowa theka la mita kapena kupitirira dziwani kuti pansi padyeka kale. Mukatero yendani pa apuloni yonse mukugogoda ndi hamala. Pomwe konkire yakhala pa nthaka hamala imamveka mouma ndipo imadumpha mmanja, pomwe pansi pali mphako pamalira ngati ng'oma. Paliponse palira choncho zungulizani ndi penti, mukamaliza mudzaona nokha mapu a matenda a damu lanu. Chingwecho kokani pamwamba pa khoma kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo muone ngati pali pomwe latsika. Pa ming'alu ikuluikulu pakani kachigamba kopyapyala ka simenti kudutsa mng'aluwo, lembani deti pambali. Pakapita masabata angapo kachigambako kakang'aluka ndiye kuti khoma likuyendabe, kakakhala kabwinobwino ndiye kuti mng'aluwo ndi wakale unaima.

Palinso china choti muyang'ane kumunsi komweko, timakasupe totumphuka mumchenga kapena mmalo olumikizira konkire. Tungani madziwo mu botolo loonekera mkati, liikeni pansi likhale kaye. Akakhala oyera mbee vuto lilipo koma si lachangu. Koma pansi pa botolo pakadikha timchenga kapena matope, kapena mukaona kamulu ka mchenga kozungulira kasupeyo, apo madzi akutuluka ndi nthaka ya pansi pa damu lanu, usana ndi usiku, ndipo njira yawo ikukula.

Apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pomwe makomiti ambiri samapaganizira. Madzi samangodutsa pamwamba pa khoma, ena amadutsa pansi, mumchenga womwe damulo lakhalapo. Izi sizingathetsedwe, zimachitika pa damu lililonse lomangidwa pa mchenga. Chomwe mainjiniya amachita ndi kuwatalikitsira njira madziwo kuti pofika kumunsi akhale atatopa, asathenso kunyamula mchenga. Nzeru imeneyi inaphunziridwa movutika, madamu akuluakulu opatutsa madzi ataonongeka ku India, mwachitsanzo la Narora pa mtsinje wa Ganges mu 1898. Mu 1910 injiniya wina dzina lake Bligh anapereka lamulo losavuta lomwe anthu amayambirabe nalo mpaka lero: njira yomwe madzi akuyenda pansi pa damu italike kuposa kusiyana kwa msinkhu wa madzi kumtunda ndi kumunsi, ka 15 ngati mchenga ndi wosalala, ka 12 ngati ndi wokhakhala, ka 9 ngati ndi mchenga wosakanikirana ndi timiyala. Nde tengani damu lanu la mita imodzi ndi theka. Pa mchenga wokhakhala njirayo ikufunika mamita 18, pa wosalala mamita 22 ndi theka. Powerenga mumaphatikiza kutalika kwa pansi pa khoma ndi apuloni, komanso kutsika ndi kukwera kozungulira makoma omwe amakwiriridwa pansi pa damu kuti atchinge madzi odutsa pansiwo. Mu 1935 Lane waku America ataunika madamu opitirira 200 anaonetsa kuti njira yogona ilibe mphamvu ngati yotsika pansi, mamita atatu ogona amafanana ndi mita imodzi yotsika. Ndipo Khosla waku India mu 1936 anaonetsa kuti malo oopsa kwambiri ndi kumapeto kwa apuloni komwe madzi amatulukira, ndipo khoma lokwiriridwa pansi pamalo amenewo siliyenera kusowa ayi. Tsopano ganizani, dziwe lanu lija likudya malo omwewo, likufupikitsa njira ya madzi chaka ndi chaka.

Madzi a pansiwo amakankhanso konkire chokweza mmwamba. Mita imodzi ya madzi imakankha ndi mphamvu ya tani imodzi pa sikweya mita iliyonse. Konkire yochindikala masentimita 30 imalemera makilogalamu 720 pa sikweya mita, ndipo ikamira mmadzi imapepuka kufika cha mma 420. Ndiye mukuona kuti sipafunika madzi ambiri kuti apuloni yopyapyala itukuke nkuthyoka.

Ndi chifukwa chake ganizo lokweza khomalo ndikulikana ndithu, ndipo chonde mukawafotokozere anzanuwo mofatsa chifukwa akuganiza zabwino, kungoti masamu ake sakugwirizana nawo. Theka la mita limaoneka laling'ono koma mukachoka pa mita imodzi ndi theka kufika pa mamita awiri, mphamvu ya madzi yokankha khoma imachoka pa tani imodzi ndi pang'ono kufika pa matani awiri pa mita iliyonse ya khomalo, ndipo mphamvu yofuna kuligubuduza imapitirira kawiri. Njira ya pansi ija yomwe imafunika mamita 18 tsopano ifunika 24. Madzi azigwa kuchokera patali nde azikumba kwambiri kumunsi. Kumtunda nako mtsinje ukadzadza madzi adzakwera kupitirira makoma ammbali nkuyamba kufuna njira yozungulira. Zonsezi mukuziika pa maziko omwe adyeka kale. Komanso chomwe mukufunacho simuchipeza nthawi yaitali, chifukwa mchenga udzadzadzanso mpaka pa msinkhu watsopanowo pakangopita mvula zochepa, mudzabwerera pomwe muli lero koma ndi damu lofooka.

Makoma ammbaliwo muwayang'anenso. Madamu ang'onoang'ono ambiri sagwa nkomwe, mtsinje umangowazungulira, mmawa mukupeza khoma laima lokha pouma madzi akudutsa pambali. Onani kuseri kwa makomawo ngati nthaka yatitimira, ngati pali mauna kapena mizu ya mitengo ikuluikulu, onaninso ngati khomalo linalowadi mkati mwa gombe kapena linangogunda. Funsani akuluakulu okhala pafupi kuti madzi anafikapo pati chaka chomwe mtsinje unadzadza kwambiri, muone zinyalala zokodwa mmitengo, makoma anu apitirire msinkhu umenewo ndi theka la mita olo kuposa. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, pa khoma la mamita 20 madzi akadutsa pamwamba mita imodzi ndiye kuti pakudutsa malita pafupifupi 34,000 pa sekondi, akafika mamita awiri ndi pafupifupi 96,000. Madamu a mtundu uwu amawerengeredwa kusefukira komwe kumabwera kamodzi pa zaka 50 kapena 100, osati kwa chaka wamba.

Tsopano mchenga. Musataye ndalama ndi mphamvu za anthu kuchotsa mchenga wonse kuseri kwa khoma, kudzadza kumeneko nkwachibadwa kwa damu lopatutsa madzi ndipo ubweranso mvula yoyamba. Pofunika kukhala poyera ndi patsogolo pa inteki basi. Damu lomangidwa bwino limakhala ndi geti lotsukira mchenga pafupi penipeni ndi inteki, pansi pake potsika kuposa pakhomo la ngalande, kuti mukalitsegula madzi athamange nkukokolola mchenga kupita kumunsi. Kaoneni lanu. Kawirikawiri getilo limakhalapo koma linachita dzimbiri, chitsulo chopukusira chinapindika kapena chinabedwa, kapena wina analitseka ndi konkire poganiza kuti likutaya madzi. Ngati ndi choncho gwero la vuto lanu la madzi ochepa ndi limenelo, ndipo kulikonza nkotsika mtengo kwambiri kuyerekeza ndi kukweza khoma. Ngati kulibiretu, pemphani injiniya aone poti angaboole khoma pafupi ndi inteki nkuikapo geti, olo la matabwa olowetsa mu mizere, limagwira ntchito bola pakhale munthu wolisamala. Pakhomo la ngalande pakhale pokwera kuposa pansi pa getilo ndi theka la mita kapena kuposa, chifukwa mchenga wolemera umayenda chapansi ndipo inu mukufuna madzi a pamwamba. Onaninso mbali yomwe inteki ili. Pomwe mtsinje wakhota, mchenga umaunjikana mkati mwa khonalo ndipo kunja kwake kumakhala kwakuya, nde inteki ikakhala mkati mwa khona mudzalimbana ndi mchenga mpaka kale pokhapokha mutamanga kakhoma kolondolera madzi. Mu ngalande momwe, chapafupi ndi inteki, pangani malo otakasuka ndi ozama pomwe madzi aziyenda pang'onopang'ono, osapitirira masentimita 30 pa sekondi, kuti mchenga udikhe pamenepo, pakhalenso kageti kobwezera mchengawo kumtsinje.

Musanadandaule kuti madzi ndi ochepa muwayeze. Sankhani pomwe ngalande yawongoka, yezani mamita 10, ponyani kabotolo kothira madzi pang'ono muwerenge masekondi. Tiyerekeze ngalande ndi yotambalala masentimita 50, madzi akuya masentimita 30, kabotolo katenga masekondi 20. Liwiro la pamwamba ndi theka la mita pa sekondi, muchulukitse ndi 0.8 chifukwa madzi a pansi amayenda mochedwa, kenako muchulukitsenso ndi kutambalala ndi kuya kuja, mupeza malita 60 pa sekondi. Mwachidule hekitala imodzi imafuna pafupifupi lita imodzi pa sekondi ngati madzi akuyenda usana ndi usiku, mukamathirira masana okha maola 12 ndiye kawiri, mpunga umafuna ambiri kuposa apa. Nde malita 60 aja akwanira mahekitala 30 othirira masana okha. Yezani pa inteki, kayezeninso pakati ndi kumapeto kwa ngalande. Nthawi zambiri mumapeza kuti akulowa ndi okwanira ndithu koma akuthera mnjira, mming'alu, muudzu ndi mmalo omwe anthu anaboola.

Pa ndalama zochepa muli nazozo ine ndingayambe ndi kumunsi: kudzadza mphako za pansi pa apuloni, kumanga khoma lokwiriridwa kumapeto kwake lozama kupitirira pansi pa dziwe lija, nkuyala miyala ikuluikulu kutsogolo kwake. Kenako makoma ammbali, kenako geti lotsukira mchenga ndi inteki. Ming'alu ya pamwamba ikhale yomalizira. Ndalama zikathera pa ziwiri zoyambazo palibe vuto, mchenga wa pa inteki mutha kuuchotsa ndi mafosholo chaka chimodzi chinanso, damu lili chiimire.

Pomwe apuloni ikulira mphako pang'ono mutha kuboola timabowo nkuthiramo simenti wamadzimadzi mpaka atulukire pa bowo loyandikana nalo. Pomwe mphako ndi yaikulu iphwanyeni basi, mudzadze pansipo ndi miyala ndi konkire nkuyala yatsopano. Dziwe lija musangothiramo dothi kapena mchenga, madzi adzachotsa tsiku limodzi. Pansi payambe timiyala ting'onoting'ono kapena nsalu yosefa madzi yotchedwa geotextile, pamwamba pake miyala yapakatikati, pamwamba penipeni miyala yoti munthu mmodzi sanganyamule. Ntchito ya timiyala ndi nsaluyo ndi kulola madzi kutuluka koma mchenga utsale, anthu ambiri amadumpha gawo limeneli chifukwa silioneka, kenako amadabwa miyala yawo ikutitimira. Kumapeto kwa apuloni ikani kakhoma kakafupi kopingasa kuti madzi akagwa azigundana okhaokha pa konkire pomwepo, mphamvu zawo zithere pamenepo asanafike pa nthaka. Ndipo mukaona timapaipi totulutsa madzi mmakoma ammbali musatitseke poganiza kuti khoma likudontha, anatiika dala kuti madzi a kuseri asakankhe khoma, titsukeni tizigwira ntchito.

Magabiyoni, mabokosi a waya odzadza miyala, ndi abwino pa magombe ndi kutsogolo kwa apuloni chifukwa amapindika nthaka ikatsika mmalo mothyoka. Miyala yake ikhale yaikulu kuposa mabowo a waya, ya masentimita 10 mpaka 20, yosanjidwa ndi manja osati kungokhuthula, mabokosiwo amangiriridwe limodzi ndipo kuseri kwake kukhale nsalu ija. Koma pamwamba pa khoma pomwe miyala ndi mchenga zimakhula podutsa waya amadyeka msanga, apo muwaphimbe ndi konkire.

Za konkire ndinene mwachangu. Yatsopano siigwira pa yakale yosalala kapena ya ndere. Gobani mpaka timiyala ta mkati tionekere, tsukani, boolani mabowo mulowetse zitsulo zolumikiza ziwirizi, nyowetsani yakaleyo musanathire. Muyezo wa 1:2:4, simenti, mchenga ndi miyala, simenti asachepere pamenepo, pomwe madzi amagwera muonjezere simenti. Mchenga ukhale wopanda matope. Amisiri amakonda kuthira madzi ambiri kuti ntchito ipepuke, muwaletse, konkire yamadzimadzi imakhala yofooka. Mukathira muisunge yonyowa masiku osachepera 7 ndipo mphamvu zake zenizeni zimakwana pa masiku 28, nde werengani chobwerera kuchoka nthawi yomwe mvula imayamba kwanuko, muonjezere masabata ena a zovuta zosayembekezereka, mupeze tsiku loyambira. Ntchito yotsegula maziko siyoyamba mvula ili pafupi, kuli bwino kudikira chaka chinacho mutangoteteza ndi miyala kusiyana nkuti madzi akupezeni mutakumba. Gwirani theka la mtsinje nthawi imodzi, mutchinge ndi matumba a mchenga madzi azidutsa mbali inayo, pampu ikhale pafupi. Ndipo pokumba pafupi ndi khoma lakale kumbani pang'onopang'ono, mamita awiri nkuthira konkire, kenako ena awiri, osatsegula mzere wonse kamodzi chifukwa khoma likhoza kutsetsereka anthu ali mdzenje.

Zoyendera ndi zoyeza zija mutha kuchita nokha, koma kuya kwa khoma lokwiriridwa, kuchindikala kwa apuloni ndi kuboola khoma lakale zimenezo afike injiniya wa za mthirira ayeze ndi makina ake ndipo akumbe aone nthaka ya pansi. Mukamupatsa zithunzi ndi miyezo yanu ija ntchito yake imafupika. Fufuzaninso mapulani akale a damulo ngati alipo. Maiko ambiri amafuna chilolezo musanasinthe chomangidwa mumtsinje kapena kuonjezera madzi omwe mukupatutsa, nde kafunseni ku ofesi yoona za madzi musanayambe. Anthu a kumunsi muwauze nthawi yomwe mugwire ntchito chifukwa madzi adzada, komanso mtsinje usaume chifukwa cha inu, pakhale madzi odutsa nthawi zonse a anthu, ziweto ndi nsomba.

Chinanso chomwe sindingasiye, chifukwa chimatenga miyoyo. Kumunsi kwa khoma lalifupi ngati lanuli madzi akamadumpha ambiri amazungulira chobwerera ku khoma, munthu akagweramo amakokedwa kubwerera pomwe madzi akugwera mobwerezabwereza, ndipo madzi a thovu samuyandamitsa olo akhale katswiri wosambira. Ana asasambe pamenepo ndipo munthu asawoloke pamwamba pa khoma madzi akudutsa. Wotsegula mageti mumumangire poima pabwino pokhala ndi chogwirira, pamwamba pa msinkhu wa madzi osefukira.

Ntchito ikatha komiti isankhe munthu wa mageti wokhala pafupi, wodziwika ndi dzina, ndi womuthandiza akachoka. Mtsinje ukayamba kudzadza nkuda atseke inteki atsegule geti lotsukira mchenga, madzi akayamba kuyera atsegule inteki. Zopukusira azipaka girisi mvula isanayambe ndi ikatha. Pa khoma lammbali jambulani mizere ya penti yotalikirana masentimita 10 kuti azilemba pomwe madzi afika, ndipo madzi akaphwera mubwererenso ndi mtengo uja mukayeze kutsogolo kwa apuloni malo omwewo munayeza poyamba. Mukapeza pakuya kuposa chaka chatha onjezerani miyala chilimwe chomwecho, ndipo pa zopereka za mamembala muzipatula gawo la miyala ndi girisi chaka chilichonse.